Maiwe Athu a Nsomba ku Mchinji

Banja lathu linayamba kuweta nsomba m'mphepete mwa dambo lina ku Mchinji, pomwe kale tinkalimapo mpiru ndi tomato. Tinakumba maiwe ndi makasu, n'kuikamo mbewu ya makumba ndi chilunguni, chifukwa mitundu iwiriyi silimbirana chakudya kwenikweni: makumba amadya tizomera ta m'madzi tosaoneka ndi maso pamodzi ndi madeya, pamene chilunguni chimakonda masamba a chinangwa ndi a mbatata.

Ngakhale kuti chomwe timagulitsa ndi nsomba, nthawi yathu yambiri imathera pa madzi. Dziwe labwino limakhala lobiriwira pang'ono, ndipo timaliyesa pomiza dzanja mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaonekabe mbee, ndiye kuti chakudya chachilengedwe chachepa, choncho timaviika thumba la manyowa a nkhuku pangodya ya dziwe. Chikabisika dzanja lisanamire kwenikweni, timachotsa thumbalo msanga, pakuti tizomera tomwe timapereka mpweya masana ndi tomwenso timautha usiku. Ichi n'chifukwa chake timayendera maiwe m'bandakucha. Nsomba zikamayasamula pamwamba pa nthawiyi, timasiya kuzidyetsa n'kulowetsa madzi atsopano.

Adani nawonso ndi ambiri. Akatumbu ndi ang'azi amabwera mwakachetechete, ndipo udzu ukawirira m'mbali mumachuluka nkhono zomwe zimafalitsa likodzo, vuto lomwe alimi ambiri amalipeputsa chonsecho ana awo amalowa m'madzi momwemo tsiku lokolola. Ife timatchetcha udzuwo, ndipo palibe amene amaloledwa kukodza pafupi ndi maiwe.

Chaka cha 2020 chinativuta, pamene matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka m'boma lathu lino. Ogula anachita mantha ndipo malonda anaima. Kuyambira pamenepo ukonde wathu sitibwereketsa, ngakhale ena amati ndife oumira, ndipo pakamwa pa ngalande tinatchingapo sefa kuti nsomba za kumtsinje zisalowe.

Tikakolola timaphwetsa dziwe, kuliumitsa padzuwa mpaka pansi patang'ambika, kenako n'kuwaza laimu. Matope akudawo timawatutira kudimba, komwe amatichepetsera ndalama za feteleza. Nsomba timagulitsira pa dziwe pomwepo, ndipo amayi ogulitsa pamsika amafika ndi mabeseni dzuwa lisanakwere, poti makumba a m'dziwe sachedwa kutha.