Kebulo ya thirakitala ikayamba kulimba osaikoka ndi mphamvu

Kathirakitala kanga ndi kakang'ono, ka dizilo, kali ndi loda, fosholo yonyamulira katundu, kutsogolo, ndipo kamandigwirira ntchito yambiri moti kakangoyamba kudwala ndimasowa mtendere. Ndiye tsiku lina handulo ya moto inayamba kulimba, ukaikoka imabwera monyinyirika, ukaibweza injini osatsika, imangolirabe ngati wapondabe moto. Mtima umakuuza kuti koka ndi manja awiri ithe basi, koma apa mpamene anthu ambiri timadulira kebulo yoti ikanachira.

Kebulo imeneyi ndi yofanana ndi ya buleki ya njinga, waya wopota wa timawaya tambirimbiri amayenda mkati mwa chikhungwa, ndipo zambiri za masiku ano mkati mwake muli kapulasitiki koterera, nayiloni kapena Teflon. Pa kathirakitala zilipo zingapo, ya moto, yozimitsira injini pa zakale zija, ya handibuleki, ya PTO (shafuti yakumbuyo yozunguza makina omangirira ku thirakitala) pa mitundu ina, komanso ziwiri za handulo ya loda.

Choyamba ndinatsitsa loda pansi, kuzimitsa injini, kuzula kiyi, kenako kugwedeza handulo ya loda mbali zonse kuti pulesha ya mafuta okweza loda ithe. Izi musadumphe chonde. PTO imazungulira ka 540 pa mphindi, si malo oti dzanja lizifufuzapo vuto injini ikulira.

Kenako ndinajambula ndi foni mmene kebulo yadutsira, ndikuwerenga mizere ya bawuti yomwe yatsala kunja kwa manati awiri osinthira kukungika kwa kebulo kuti pobwezeretsa ndisasochere. Ndinamasula mbali zonse ziwiri, ku handulo ndi ku pampu ya dizilo. Apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa nthawi zina kebulo timangoinamizira, cholimba chimakhala handulo yomwe pini yake yachita dzimbiri kapena kamkono ka pa pampu kapena sipuling'i yobweza yatopa. Zanga zonsezi zimayenda bwinobwino ndi chala chimodzi. Nditagwira waya ndi pulayala kuyesa kukankha, eee, gwa! Kalabala kotseka kumapeto kanali katang'ambika, ndipo nditaweramitsa kebuloyo munatuluka timadzi tofiira ta dzimbiri tikudontha pa dzanja langa. Ndinakumbukira kuti ndimakonda kutsuka ndi mashini a pulesha aja, madzi ndimawalowetsa ndekha.

Ndinaichotsa yonse ndikuipachika choimirira. Ndinatenga kajumbo, kudula kangodya, kulowetsa mutu wa kebulo ndikumata ndi tepi zolimba kuti kakhale ngati fanelo, kenako kuthiramo mafuta opyapyala osungunula dzimbiri. Ndiye umagwira waya kumunsi nkumakoka pang'ono kukankha pang'ono, osafulumira, poyamba umayenda mwina theka la sentimita basi koma usatope nazo, ndinausiya usiku wonse ndipo mmawa pansi panali dontho lakuda bii, waya ukuyenda. Ndinapitiriza mpaka mafuta otuluka kumunsi atayera.

Mafuta opopera a WD-40 amathandiza kuthamangitsa madzi ndi kumasula, koma ndi opyapyala, sakhalitsa, ndiye ukawasiya okha pakapita masabata vuto labwereranso. Pamafunika mafuta a kebulo enieni pambuyo pake. Ngati kebulo yanu ili ndi pulasitiki mkati pewani oyilo wa injini, ena amafufumitsa pulasitikiyo nkugwira waya kuposa kale, bola sipuleyi ya silikoni kapena ya PTFE (Teflon yemwe uja) yomwe imauma. Girizi wokhuthala ine ndinasiya kupaka mkati, amakola fumbi nkusanduka ngati phala la mchenga lomwe limadya waya. Kumapini a kumapeto kokha ndi kumene ndimapaka pang'ono.

Koma si kebulo iliyonse yochira. Mukaona kawaya ngakhale kamodzi kathothoka kakubaya chala, kapena chikhungwa chapindika mwa ngodya, kapena chasungunuka chifukwa chimakhudza ekizozi, gulani ina. Makamaka ya handibuleki ndi za loda, handulo ya loda ikapanda kubwerera pakati yokha fosholo imapitiriza kukwera kapena kutsika iwe utasiya kale, ndipo pafupi pakhoza kukhala munthu. Pogula tengani yakaleyo mukayerekeze kutalika ndi mitu yake, yaifupi imakokeka, yaitali imapindika.

Pobwezeretsa ndinaona kuti panali tayi ya pulasitiki yomwe inamangidwa mothina kwambiri mpaka kufinya chikhungwa, ndinaidula nkumanga ina momasuka, kebulo ndikuidutsa mokhota pang'onopang'ono kutali ndi ekizozi. Kalabala ndinaika katsopano. Manati ndinabwezera pa mizere ndinawerenga ija, ndikuonetsetsa kuti handulo ikabwerera kamkono ka pa pampu kakufikadi pa bawuti yake ya sailensi, apo ayi injini izikhala yokwera nthawi zonse.

Nditaliza injini handulo imayenda ndi zala ziwiri, moto kukwera bwino kutsika bwino. Pano ndikamasintha oyilo ndimadonthezera makebulo onse, potsuka sindilozetsanso madzi kumitu yake, ndipo kathirakitala kamagona mu shedi. Sabata yamawa ndimasula ya handibuleki, nayonso yayamba kuchedwa kubwerera.