A380 sivuta kumwamba, imavuta pansi

Anthu amangotama kukula kwa Airbus A380, ndege yosanjikiza ya zipinda ziwiri, chapansi ndi cham'mwamba, koma ine chidwi changa chili pa zimene zimachitika pansi isananyamuke. Taganizani, zina za kampani ya Emirates zinaikidwa mipando 615. Anthu onsewo atati alowere khomo limodzi, aliyense ndi kachikwama kake kofuna kupezera malo, mukhoza kumera imvi muli pamzere. N'chifukwa chake mabwalo a ndege okonzeka bwino amalumikiza milatho itatu yokwerera, iwiri ya chipinda chapansi, umodzi wopita cham'mwamba. Ku Dubai anachita kumanga nyumba yokwereramo ndege yotchedwa Concourse A, yomwe inatsegulidwa mu 2013, poganizira ndege imeneyi.

Ndiye pali mapiko. Kuchokera nsonga ina kufika ina ndi pafupifupi mamita 80, moti njira zodutsamo ndege pansi komanso malo oimikapo zimafunika kukulitsidwa. Ngakhale galimoto yobweretsa chakudya imayenera kunyamuka m'mwamba kuti ifikire khomo lapamwamba lija.

Koma pamene pamanditopetsa ine ndi pofika. Ziwiri zikangotera motsatizana, anthu pafupifupi 1,000 amakhamukira kodinditsa mapasipoti nthawi imodzi, kenako onse maso ali pa lamba wa katundu, chikwama chako osaoneka.