Za C ndi D pa laputopu, ndi tsiku lomwe zithunzi za ukwati wa alamu zinasowa

Laputopu yanga yoyamba inali ya kaunjika, yobwera ndi munthu wina kuchokera ku Joni, ndipo tsiku lomwe ndinaiyatsa kunyumba ndinapeza muli C ndi D. Ine kusangalala, ndimvekere ndatola mwayi, muli ma hadi disiki awiri umu. Ndinafika mpaka pomauza anzanga kuti yangayi ndi yapadera. Patapita miyezi fani itayamba kulira ngati chigayo ndinamasula kunsi kuti ndichotse fumbi, kuyang'ana mkatimo kadisiki kamodzi basi, ka 500GB, kali phee pakona. Nde D ija ili kuti? Apa mpamene ndinayambira kumva za ma patishoni, kutanthauza magawo a disiki imodzi.

Njira yomwe ine ndimazimvera ndi ya munda. Disiki ndi munda umodzi, kungoti wina anabwera nkulemba malire, uku kwa C uku kwa D, koma dothi ndi lomwelo. Malirewo sikuti amadula chitsulo ayi, ndi kakaundula kakang'ono kolembedwa kumayambiriro kwa disiki konena kuti C wayambira apa wathera apa, D wayambira apo. Kompyuta ikamayaka imayamba yawerenga kakaundula kameneka. Mukakafufuta chimanga chimakhala chikadali m'munda, kungoti palibenso akudziwa kuti ndi cha ndani. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kutsogoloku.

Mwina munadzifunsapo kuti bwanji zimayambira pa C osati A. Kale makompyuta ankagwiritsa ma floppy, timadisiki tapulasitiki tija tonyamula 1.44MB, chithunzi chimodzi cha foni ya masiku ano sichingakwanemo, nde A ndi B zinali zawo. Ma floppy anatha koma zilembo zawo palibe anazilanda. China chomwe chimakwiyitsa anthu, mwagula disiki yolembedwa 500GB koma Windows ikuti 465GB, ya 1TB ikuti 931GB. Sanakubereni. Opanga disiki amawerenga mu ma 1000 pomwe Windows imawerenga mu ma 1024, basi kusiyana kwake nkomweko. Ndinaonapo bambo wina akufuna kubweza disiki pa shopu chifukwa cha zimenezi, mkangano wake unali wa mtima bii.

Vuto langa loyamba linali lakuti yemwe anagawa disiki ija anapatsa C malo okwana 60GB okha, otsala onse nkupereka kwa D. Sipanatenge nthawi kamzere ka C kanafiira, ma update kukana, kompyuta kumayenda ngati ikukoka ngolo, pomwe D ali gone ndi malo pafupifupi 400GB opanda kanthu. Chomwe sindinkadziwa nchakuti chilichonse chomwe mwaika pa Desktop, mu Downloads, mu Documents, mu Pictures, chonsecho chimakhala pa C. Ine makanema onse ndinkangounjika pa Desktop kuti ndiziwaona pafupi. Mankhwala ake osavuta, osakhudza nkomwe malire, ndi awa: pangani raiti kiliki pa foda ya Downloads, pitani pa Properties, kenako Location, dinani Move nkusankha foda ya pa D. Chitaninso chimodzimodzi ndi Documents, Pictures ndi Videos. Kungotero C amapuma. Anthu ambiri omwe amandifunsa zokulitsa C, zomwe amafunika ndi zimenezi basi.

Koma ngati mukufunadi kuona mmene munda wanu unagawidwira, dinani batani la Windows limodzi ndi X nkusankha Disk Management, kapena lembani diskmgmt.msc pa Run. Mupeza kuti kupatula C ndi D pali timagawo tina topanda zilembo. Kena ka 100MB kapena kuposerapo pang'ono kolembedwa EFI System Partition, kena ka ma MB mazana angapo kolembedwa Recovery. Timeneti musatigwire chonde. Ka EFI ndi komwe kamadzutsa Windows, mukakachotsa kompyuta imangoyaka nkukuuzani kuti sikupeza poyambira, mafailo anu onse ali momwemo koma khomo latsekeka. Ka Recovery ndi kokonzera zinthu zikasokonekera. Ndikudziwa kuti timaoneka ngati zinyalala, inenso dzanja linkandiyabwa, koma olo mutichotse malo omwe mungapeze sakwana ndi filimu imodzi yomwe.

Mu Disk Management muli zinthu ziwiri zomwe anthu amazifuna, Shrink Volume yochepetsa gawo ndi Extend Volume yokulitsa. Kuchepetsa sikuvuta kwenikweni, kungoti pena Windows imakana kupitirira malo ena ake olo C ali ndi malo ambiri opanda kanthu, chifukwa pali mafailo ena osasuntha ngati pagefile.sys, hiberfil.sys ndi zosungira System Restore, ali ngati mtengo wa mango pakati pa munda, malire sangadutse pamenepo. Kukulitsa nde kumene kuli nkhani. Ine ndinachepetsa D ndi 100GB, malo akuda olembedwa Unallocated nkuoneka bwinobwino, kupita pa C kuti ndikulitse, Extend Volume ili mbuu yosadinika. Ndinakhala usiku wonse ndikuganiza kuti Windows yanga ndi yobooka. Ayi ndithu. C amakula pokhapokha malo opanda mwiniwo ali ogundana naye kudzanja lamanja. Mukachepetsa D malowo amatsala kumapeto kwa D, nde pakati pa C ndi malo atsopanowo pali munda wa mnzake, simungaudumphe. Pa makompyuta ambiri a masiku ano yemwe amatchinga njira ndi ka Recovery kaja, kamakhala kumbuyo kwa C kenikeni.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba mukope zonse za pa D kupita pa disiki ina yakunja, mufufute D, mukulitse C mmene mukufunira, kenako malo otsalawo mupangenso D watsopano nkubwezeretsa katundu. Ndi yotopetsa koma mumagona tulo. Yachiwiri ndi mapulogalamu otha kusuntha gawo lonse, ngati GParted yomwe ndi yaulere ndipo mumaiyatsira pa fulashi. Imagwira ntchito shuwa, koma kusuntha gawo lodzaza kumatenga maola, ndipo kwathu kuno mukudziwa mmene magetsi amachitira. Akazima ntchito ili pakati, theka la mafailo lili uku theka lili uko, kaundula sakudziwa chilichonse. Ngati batire ya laputopu yanu inafa kale ija yongoti chaja chikasuntha nayo yazima, kapena ndi desikitopu yopanda UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akazima, musayerekeze musanakope zinthu zanu kwina.

Tsopano za alamu anga. Iwo ali ndi laputopu yomwe amalembera za kashopu kawo, ndipo munali zithunzi zonse za chinkhoswe ndi ukwati wawo ndi achemwali anga, kuphatikizapo vidiyo ya perekaniperekani yomwe wojambula anawapatsa pa fulashi, fulashiyo nkudzasowa. Zonsezi zinali pa D, ndine ndinawaikira, nkuwauza monyada kuti olo Windows ife zinthu zanu zili bwino. Anthu atayamba kukamba kuti Windows 10 isiya kulandira ma update pa 14 October 2025, iwo anatenga laputopu kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta mtauni kuti awaikire Windows 11. Madzulo foni. "Alamu, D uja sindikumuona, kodi amabisala?" Mtima wanga unangoti phaa.

Kuti mumvetse zomwe zinachitika, kakaundula ka malire kaja kalipo ka mitundu iwiri. Kakale ndi MBR, kanayamba mu 1983, kamalola magawo akuluakulu anayi okha ndipo sikatha kuona disiki kupitirira 2TB. Katsopano ndi GPT, pa Windows kamalola magawo mpaka 128, kamayenda ndi UEFI, pulogalamu ya mkati mwa makompyuta atsopano yomwe imayamba kudzuka Windows isanayake, komanso kamasunga kope ina ya kaundula kumapeto kwa disiki kuti yoyamba ikaonongeka pakhale pogwira. Windows 11 imafuna UEFI, nde disiki yoyatsira iyenera kukhala GPT. Disiki ya alamu inali MBR. Mnyamata uja atafika posankha poika Windows, kompyuta inakana kuti disiki iyi ndi ya MBR singatheke. Nde iye anachita zomwe ambiri amachita akafuna kuthamangira kasitomala wina, kutsegula diskpart, kachida ka Windows kogawira disiki polemba malamulo, nkulemba select disk 0, clean, convert gpt, basi. Ka liwu kakuti clean kameneko sikafunsa kuti mukutsimikiza, sikasiyanitsa C ndi D, kamafufuta kaundula yense mkamphindi.

Mmawa ndinapita komweko. Ndinati achimwene, musanapange clean munawafunsa eni ake kuti muli chani? Iye amvekere bigi, iwo anangoti ndiike Windows, kufomata nde kumeneko. Sindinalimbane naye, koma chomwe chinandiwawa nchakuti Windows 10 ili ndi kachida kake kotchedwa mbr2gpt, kanabwera mu 2017, komwe kamasintha MBR kupita ku GPT osafufuta failo olo imodzi bola disiki ikhale ndi magawo osapitirira atatu komanso opanda aja a logical, timagawo tokhala mkati mwa gawo lina. Ntchito ya mphindi zochepa. Kapena akanangokopa kaye D kwina, inali 80GB yokha.

Chinthu choyamba ndinawauza alamu kuti laputopu izime ndipo asaiyatsenso, chifukwa chilichonse chomwe Windows yatsopano ikulemba chikhoza kugwera pamwamba pa zithunzi. Ndinachotsa disiki, kuiika mu kabokosi ka USB, nkuilumikiza ku kompyuta yanga. Ndinagwiritsa TestDisk, pulogalamu yaulere yofufuza magawo osowa pa disiki, yopangidwa ndi Christophe Grenier, ilibe zokongola, ndi zilembo zoyera pa sikirini yakuda ndipo mumayenda ndi mabatani a mivi. Quick Search inangoonetsa magawo atsopano a mnyamata uja. Ndinadina Deeper Search, nkuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, achemwali atakhala pa mkeka osayankhula, tiyi wawo mpaka kuzizira. Patadutsa maola awiri ndi kanthu panatulukira mzere wa gawo la NTFS, mtundu wa magawo a Windows, lokula ngati D wakale uja. Kudina P kuti ndione zamkati, foda yoyamba kuoneka inali yolembedwa UKWATI ndi zilembo zazikulu. Achemwali anaimba nthungululu usiku, ana mpaka kudzuka.

Sindinayese zobwezeretsa malire akale pa disiki yomweyo, ndinangokopa mafoda kupita pa disiki yanga. Chinatipulumutsa nchakuti D anayambira kutali, pambuyo pa 150GB, pomwe Windows yatsopano inali itangolemba chakumayambiriro. Chachiwiri, inali hadi disiki yakale yozungulira ija. Ikanakhala SSD, disiki yatsopano ija yopanda chozungulira mkati, nkhani ikanavuta, chifukwa SSD ili ndi chinthu chotchedwa TRIM chomwe chimasesa malo ofufutidwa, nde ukachedwa pang'ono supezamo kanthu. Zomwe zinali pa C zokha nde zinapita, kuphatikizapo failo ya Excel ya ngongole za kashopu yomwe alamu ankaisunga pa Desktop. Ena omwe anatenga shuga ndi sopo pa ngongole anapulumukira pomwepo.

Mlandu wina ndi wanga, ndivomere. Ndine ndinawapatsa mtima woti D ndi malo otetezeka. D amakutetezani pa chinthu chimodzi chokha, pamene mukuikanso Windows ndipo munthu woikayo wafomata C yekha. Koma disiki ikafa, ikagwa pansi, laputopu ikabedwa mu minibasi, kapena kachilombo kaja kotseka mafailo nkumafuna ndalama kakalowa, C ndi D amapitira limodzi chifukwa munda ndi umodzi. Laputopu yanga yoyamba ija inathera momwemo, disiki inayamba kulira kuti tiki tiki tiki mmawa wina, magawo onse awiri osaonekanso. Bakapu yeniyeni ndi chinthu china chapadera chomwe mungachizule nkuchiika mu kabati, kapena pa intaneti ngati bandulo ikulolani.

Panopa ndili ndi SSD ya 256GB ndipo sindinaigawe nkomwe, kadisiki kakang'ono chonchi ukakadula umangodzipangira mavuto a C wofiira aja. Ikakhala ya 500GB kapena 1TB nde ndimagawa, C ndimampatsa 150GB kapena 200GB, otsala D. Microsoft imati Windows 11 imafuna 64GB, koma ameneyo ndi malo ongolowera pakhomo, mukaika Office, Chrome ndi ma update awiri atatu mwadzaza kale. Ndipo musanagwire malire alionse onani ngati BitLocker, loko wa Windows wotseka disiki ndi kiyi, ili yoyaka, ma laputopu ambiri atsopano amabwera itayaka mwini wake osadziwa, nde lembani pa pepala kiyi yake ya manambala 48, chifukwa disiki yotsekedwa ndi BitLocker olo TestDisk ipeze gawo simuwerengamo kanthu popanda kiyiyo.

Kavuto komaliza tinakapeza pokopa vidiyo ya perekaniperekani kupita pa fulashi yatsopano ya 32GB. Inakana, ati failo yakula, pomwe fulashi ilibe kanthu. Inali yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32, womwe sulandira failo imodzi yopitirira 4GB, ndipo vidiyo inali 6GB. Tinaifomata kukhala exFAT nkulowa bwinobwino. Panopa ukwati uja uli malo atatu, pa laputopu, pa disiki yakunja, ndi pa fulashi yomwe achemwali anaimanga mu kampango nkuiika mu sutikesi momwe amasungamo ma setifiketi. Loweruka lotsatira alamu anabwera pa njinga ndi tambala wachikuda, ati ya TestDisk.