Lendi Ankatilipirira ndi Jackie Chan

Vidiyo sho yathu tinaitsegula mu 1997 ku Ndirande, ine ndi achimwene anga. Iwo anabwera ndi deki ya matepi kuchokera ku Joni, ine ndinali ndi kandalama kamene anandipatsa ntchito itatha pa kampani ina ku Makata. Tinagula TV yogwirapo kale ntchito, n'kuchita lendi chipinda chimene poyamba chinali golosale. Kalipentala anatikhomera mabenchi, mawindo tinatseka ndi mabulangete, pakhomo tinapachika nsalu yakuda. Panja tinaika bolodi ya choko ndi sipika. Yoitana makasitomala inali sipikayo: munthu wotumidwa kumsika akangomva mateche ndi zibakera zikulira, miyendo inkakhotera yokha kwathu.

Masiku amenewo Malawi analibe wailesi ya kanema. TVM inayamba mu 1999, ndipo ngakhale itayamba, nyumba zokhala ndi TV kuno zinali zowerengeka. Msika unalipo, koma opikisana nawo analinso ambiri. Tonse tinkabwereka matepi m'masitolo omwewo a ku Limbe ndi m'tauni, mtengo wa pakhomo unalinso wofanana. Chosiyanitsa chinali kudziwa kuti lero uike chiyani, nthawi yanji, ndipo abwere ndani.

Tinkaonetsa za nkhondo, za Amwenye zoimba zija, ndi zina zotero, koma zotidyetsa zinali za kung fu za ku Hong Kong, zimene aliyense ankangoti za karate. Matepi ake anali okopedwa kuchokera ku okopedwa anzawo, chithunzi chotuwa, mizere ikuyendayenda. Chingerezi chake chinali chochita kuikamo, moti munthu ankatseka pakamwa mawu akupitirirabe. Deki ikayamba kutafuna tepi, achimwene ankaitsegula n'kupukuta hedi ndi kapepala konyowetsa ndi sipiliti, uku anthu akukuwa kuti abwezeredwe ndalama. Koma za Chingerezi chija palibe anadandaulapo. Nkhani ya mafilimu amenewa imaoneka ndi maso: mphunzitsi waphedwa, wophunzira walumbira, wamenyedwa, wakaphunziranso, wabwerera.

Oonera athu anali m'magulu, ndipo gulu lodzimva kwambiri linali la Bruce Lee. Ambiri anali azibambo: matelala, okhoma zidebe, madalaivala, ena oti ankati anamuonera m'nyumba za kanema za m'tauni m'zaka za m'ma 1970. Kwa iwo mlandu unagamulidwa kalekale. Telala wina wa pakhonde loyandikana nafe ankati enawo amavina, womenya ndi Bruce yekha. Umboni wake unali ndewu ya mu The Way of the Dragon ya 1972, pamene Bruce akumana ndi Chuck Norris mu Colosseum ku Rome. Pofika poti Bruce wazula ubweya wa pachifuwa cha Norris, chipinda chonse chinkaphulika, chikhalirecho aliyense anali ataionerapo kale.

Komabe pa nkhani ya malonda Bruce anali wovuta. Mafilimu a ndewu amene anawamaliza ali mwini filimu ndi anayi okha: The Big Boss ya 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon za 1972, ndi Enter the Dragon ya 1973. Anamwalira pa 20 Julayi 1973 ali ndi zaka 32, yomalizayo isanatuluke n'komwe. Game of Death ya 1978, ija ya suti yachikasu, anaimalizitsa ndi anthu ena obisa nkhope m'magalasi akuda, ndipo Bruce weniweni ungomuona bwino chakumapeto, akukwera masitepe kukakumana ndi Kareem Abdul-Jabbar wamtali uja. Mafilimu anayi sungadyere chaka chonse. Kuwonjezera apo ndewu zake n'zachidule, munthu wamenyedwa kamodzi wagwa. Mu The Big Boss mbali yaikulu ya koyambirira Bruce akungoonerera anzake akumenyana chifukwa analonjeza mayi ake kuti sadzachita ndewu. Ana ankayamba kutekeseka pa benchi n'kumafunsa kuti, "Ankolo, kodi iyamba liti?"

Imfa yake ndiyo inkadya nthawi panja, podikira filimu yotsatira. Madokotala anati ubongo unatupa atamwa mankhwala a mutu. Pakhonde pathu palibe ankavomera zimenezo. Ena ankati anamuthirira poizoni, ena ankati akatswiri anzake anamukhudza pamalo obisika m'thupi, ena ankangodula nkhani kuti anamulodza. Imfa ya mwana wake Brandon mu 1993, amene anawomberedwa mwangozi akujambula filimu, inangokolezera zonsezo.

Bruce atamwalira, ojambula mafilimu anatulutsa omutsanzira: Bruce Li, Bruce Le, Dragon Lee ndi ena. Pachikuto cha tepi tsitsi n'lomwelo, kaimidwe n'komweko, dzina lasiyana chilembo chimodzi. Mnzathu wina wa vidiyo sho chakumtunda analemba pa bolodi kuti "Bruce Lee watsopano", ndipo tsikulo anamuthyolera mabenchi. Ife tinkalemba poyera kuti "Bruce wabodza". Anthu ankalowabe, kudzamuseka ndi kuwerenga zimene akuonjeza: kupukuta mphuno ndi chala mphindi iliyonse, ndi kulira ngati mphaka popanda womuputa.

Amene ankatilipirira lendi ndi Jackie Chan, makamaka mafilimu ake awiri a 1978, Snake in the Eagle's Shadow ndi Drunken Master. Mwezi ukamatha ndalama zisanakwane, achimwene ankangoti, "Iwe, ika za madala oledzera zija." Onse awiri anawatsogolera ndi Yuen Woo-ping, madala ophunzitsa aja ndi bambo ake enieni a wotsogolerayo, Yuen Siu-tien, ndipo mdani m'mafilimu onsewo ndi Hwang Jang-lee, Mkoreya wa mateche oopsa. Chinsinsi chake n'chakuti Jackie sayamba ali katswiri. Mu yoyambayo ndi mwana wamasiye wokolopa pa sukulu ya ndewu, amene aphunzitsi amaonetserapo ena kamenyedwe. Mu yachiwiriyo ndi mwana wosamva, ndipo Hwang amamuchititsa manyazi mpaka kumukwawitsa pansi pa miyendo yake. Munthu wonyozedwa chotere aliyense ku Ndirande amamudziwa, mwina ndi iye mwini. Ndiye muli kuseka, choncho ngakhale amayi ogulitsa mandasi panja ankasiyira mwana beseni n'kulowa, zimene pa Bruce sizinkachitika. Mayi a kunyumba okha ndiwo sankaikonda Drunken Master. Ankati ikupatsa zidakwa za pa kachasu ponamizira, ndipo sanali kunama kwenikweni, poti tinaonapo ena akuyesa sitayilo imeneyo mumsewu n'kuthera m'ngalande.

Magulu awiriwa akakumana pakhonde sipankafunikanso sipika. A gulu la Bruce ankati Jackie ndi wanthabwala chabe, ndipo anali ndi pogwira: mu Enter the Dragon, Jackie akadali mnyamata wosatchuka, ali m'gulu la alonda aja, ndipo Bruce amamugwira tsitsi n'kumuthyola khosi. Telala uja ankandiumiriza kubweza tepi kuti osakhulupirira aone bwino nkhope. A gulu la Jackie ankayankha ndi zimene zimaoneka mayina akamadutsa kumapeto kwa mafilimu ake ambiri: pamene waphonya, wagwa, akumunyamula. Mu Project A ya 1983 amagwa kuchokera pa nsanja ya wotchi, mu Police Story ya 1985 amatsetsereka pa chitsulo chokulungidwa ndi mababu oyaka, ndipo pojambula Armour of God anagwa mumtengo n'kuswa chigaza. Funso lawo linali lakuti, wanthabwala wake uti amene amavulala chonchi? Kwa ife zimenezi zinali ndi mtengo wake. Pa mafilimu ena anthu ankatuluka mayina akangoyamba, ife n'kulowetsa ena. Pa Jackie palibe ankadzuka, ndiye filimu yotsatira inkachedwa.

Ine mwini, mukandifunsa, sindili mbali iliyonse ya awiriwa. Filimu imene ndimaiika pamwamba ndi The 36th Chamber of Shaolin ya 1978, ya kampani ya Shaw Brothers, yotsogoleredwa ndi Lau Kar-leung, mwini filimu ali Gordon Liu wa mpala uja. Mbali yaikulu ya filimuyi mulibe mdani, muli kuphunzira basi. Kuti akadye ayenera kuoloka madzi poponda mitengo yoyandama. Amasenza zidebe za madzi atatambasula manja, mipeni itamangidwa m'mikono kuti akangotsitsa imubaye. Amamenya belu ndi nsungwi yaitali yolemera kunsonga mpaka dzanja kufa, amagunda matumba a mchenga ndi mutu. Zipinda zophunzirira zilipo 35, ndipo cha 36 ndi chimene iye akupempha kuti atsegule, chophunzitsa anthu wamba a kunja kwa kachisi. Amene ankaikonda kwambiri anali anyamata ophunzira ntchito m'magalaja ndi kwa okhoma zidebe, amene chaka choyamba chimatha akungotsuka masipanala ndi kutumidwa ndudu. Pa filimu imeneyi sankakuwa, ankangoyang'ana. Ndimaikondanso chifukwa kamera yake siba: imaima patali, thupi lonse likuoneka, ndipo ukuona wekha kuti munthuyu akuchitadi zimene akuchitazo.

Five Deadly Venoms, ya 1978 yomweyo, ndiyo inatibweretsera lamulo la pakhomo. Muli ophunzira asanu, aliyense ndi sitayilo yake: nankalizi, njoka, chinkhanira, buluzi ndi chule. Ana a m'dera lathu anagawana mayina amenewa, ndipo ambiri ankalimbirana chule chifukwa khungu lake silibayika. Koma chinkhanira sadziwika kuti ndi ndani mpaka kumapeto, ndiye ooneratu ankakonda kukuwa kuti, "Ndi uyo!" Achimwene analemba ndi penti pakhoma kuti woulula filimu atuluke, ndalama sabwezeredwa.

Achinyamata a nthawiyo anali ndi wawo, Jet Li, wobadwira ku Beijing mu 1963, amene anali katswiri wa mipikisano ya wushu m'dziko lonse la China asanajambule Shaolin Temple ya 1982. Pa liwiro ndi ukhondo wa kamenyedwe panalibe wotsutsa. Mkangano unabwera ndi Once Upon a Time in China ya 1991, mmene anthu amaulukira pa makwerero. Azibambo ankati zimenezo ndi zingwe, munthu sauluka, ndipo ndalama zawo sizolipirira zingwe. Mphunzitsi wina wopuma ntchito ndiye anatiuza kuti Wong Fei-hung waulemu amene Jet Li akusewera ndi munthu yemwe uja Jackie akumusewera ali wopulupudza mu Drunken Master, ndipo anakhalakodi m'mbiri ya China. Palibe gulu linakondwa kumva zimenezo. Tsiku limene tinapha makwacha kuposa ena onse linali Loweruka lina pamene tinaika Fist of Fury ya Bruce, kenako Fist of Legend ya Jet Li ya 1994, poti nkhani yake ndi imodzi, ya Chen Zhen wobwezera imfa ya mphunzitsi wake. Magulu onse analipira kawiri kuti asasowe chonena.

Panalinso ena oti sankakhala eni filimu koma dzina lawo pa bolodi linkaitana anthu. Bolo Yeung wa chifuwa chachikulu uja anthu ankalipira kuti amuone akugwa, kaya mu Enter the Dragon kaya mu Bloodsport ya Van Damme ya 1988. Jim Kelly, wakuda wa tsitsi lalikulu, ankamutcha wathu, ndipo akaphedwa mu Enter the Dragon chipinda chinkatukwana. Michelle Yeoh ndi Cynthia Rothrock mu Yes, Madam ya 1985 anatseka pakamwa amene ankati mkazi samenya.

Mavuto enawo ndi amene aliyense wa ntchitoyi amawadziwa. Magetsi ankazima pakati pa ndewu yomaliza, mpaka tinasonkha za jenereta. Makolo ankabwera kudzakoka ana othawa sukulu, ndipo titakambirana ndi amfumu tinagwirizana kuti wovala yunifolomu salowa sukulu isanaweruke. Zolaula za usiku, zimene zinalemeretsa ena mwachangu, ife tinazikana. Kenako kunabwera ma VCD ndi ma DVD otchipa, anthu anagula TV zawo, mafilimu a ku Nigeria anatenga amayi onse, ndipo lero filimu ili m'foni ya aliyense. Achimwene anatopa nazo, anabwerera kumudzi kukayang'anira chigayo. Ine ndinagula dishi, ndipo masiku ano lendi imachokera ku mpira wa ku England.

Za karate sindinazisiye. Lamulungu m'mawa, mpira usanayambe, ndimaika imodzi yakale. Achinyamata amafuna zomasuliridwa m'Chichewa, zimene womasulira amathiramo nthabwala zake, pamene azibambo amati womasulirayo amalankhula pamwamba pa zibakera n'kuononga ndewu, choncho ndimasinthanitsa. Chimene chinabweza achinyamata ku zakale ndi Ip Man ya Donnie Yen ya 2008. Atamva kuti Ip Man weniweni ndiye anaphunzitsa Bruce Lee, anayamba kupempha kuti amuone wophunzirayo, ndipo ambiri akamuona amati Donnie Yen akhoza kumupinda.

Telala uja anakalamba, maso sakumulolanso kusoka, koma Lamulungu salephera. Pakhomo sindimulipiritsa. Akangokhala pa benchi yakutsogolo n'kunena kuti Donnie Yen akudyera dzina la Bruce, anyamata amaimbira foni anzawo kuti abwere adzamuyankhe, ndipo onsewo amalipira.