Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene tinasiya kuwerenga Baibulo ngati tikubweza ngongole

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene akumpingo anandipatsa udindo wotsogolera gulu lophunzira Baibulo. Januwale wotsatira tinapangana kuti tiwerenge Baibulo lonse m'chaka chimodzi, ndipo panganolo ndi limene linatsala pang'ono kulipha gululo.

Mabuku 66 a m'Baibulo ali ndi machaputala 1,189: m'Chipangano Chakale 929, m'Chatsopano 260. Kuti umalize m'chaka, pamafunika machaputala atatu tsiku lililonse ndi asanu Lamulungu. Papepala zimatheka, koma dongosololi silisiya mpata wa maliro kapena malungo. Genesis ndi Eksodo pamodzi ndi machaputala 90, amathera mu Januwale momwemo. Levitiko ndi Numeri amakupeza Febuluwale akulowa, thupi litatopa ndi kumunda, ufa nawo utachepa m'nyumba.

Ukajomba masiku anayi, ngongole yafika machaputala 12. Munthu wofuna kuti zonse zikhale ndendende amati aibweze usiku umodzi. Maso amayenda, mtima sugwira kanthu. Kenako manyazi amamuletsa kubwera kugulu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti osiyawo sanali aulesi ayi, anali akhama kuposa tonse.

Tinasintha. Machaputala awiri patsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, Lamulungu n'kupuma popeza kutchalitchi timamva kale Mawu. Amenewo ndi machaputala 12 pa sabata, ndipo Baibulo limatha m'masabata 99 ndi tsiku limodzi. Zaka ziwiri zili ndi masabata 104, choncho pafupifupi asanu otsalawo ndi a matenda, zovuta ndi kukolola. Papepala la dongosolo tinafufuta madeti onse, n'kusiya timabokosi toika chizindikiro. Popanda deti palibe wotsalira: umayambira pamene unalekezera, basi.

Nanga khama lipite kuti? Lipite pa ndime imodzi pa sabata, mavesi osapitirira 15. Imeneyo uiwerenge mokweza katatu. Uiwerenge mu Buku Lopatulika la 1922, kenako mu Buku Loyera la 1998, chifukwa pamene Chinyanja chakalecho chakuvuta, chatsopanocho chimamasula, ndipo pamene awiriwa asiyana mawu ndi pamene pali funso loyenera kubwera nalo kugulu. M'kope ulembe mizere itatu yokha: ndimeyi ikunena chiyani, sindinamvetse chiyani, ndichitepo chiyani sabata ino. Ukayamba kudzaza masamba, pofika sabata yachitatu kopelo limasanduka katundu wina wolemera.

Machaputala nawo salemera mofanana. Salimo 117 lili ndi mavesi awiri, Salimo 119 lili ndi 176, ndipo limeneli ndi bwino kuligawa masiku awiri kapena atatu potsata zigawo zake 22 za mavesi asanu ndi atatu. Mndandanda wa mayina pa 1 Mbiri 1 mpaka 9 uwerenge mofulumira, osadziimba mlandu. Ungoima pamene wapeza dzina lodziwika. Levitiko amamveka bwino ukamuwerengera limodzi ndi Ahebri, makamaka chaputala 16 cha Tsiku la Chitetezo pambali pa Ahebri 9.

Pamsonkhano ndinasiya kufunsa kuti "Mwafika pati?" Ndinkafunsa kuti "Mwapezamo chiyani?" Mayi wina amene anali atasowa kuyambira Febuluwale anabweranso mu Juni, kachingwe ka Baibulo lawo kadakali pa Numeri 7, ndipo anayambira pomwepo.