Kale ndinkangoti filimu ndi yabwino kapena yoipa, osadziwa kuti pati

Miyezi ingapo yapitayi mnzanga wina anandifunsa kafunso kakang'ono koma kanandisowetsa pogwira. Tinali titangomaliza kuonera filimu ina yake, ine nkuti aaa iyi ndiye yabwino zedi, iye nkundifunsa kuti yabwino pati? Ndinayasamula pakamwa koma chomwe chinatuluka nchakuti basi yangondisangalatsa. Zinandikhudza ndithu, chifukwa mafilimu ndinayamba kuonera ndili mwana, ma series ndiye osanena, koma zaka zonsezi mawu anga anali awiri okha, yabwino kapena yoipa. Usiku womwewo ndinatenga kope nkuyamba kulemba chilichonse chomwe ndaonera, ndipo ndinayambanso kuwerenga za mmene mafilimu amapangidwira. Ndiye lero ndati ndikugawireniko zomwe zili mu kopemo, anzanga okonda kanema.

Lamulo lomwe ndinadzipatsa ndi loti filimu ndiziionera kawiri. Ulendo woyamba kungoonera basi, kuseka, kulira, kupsa mtima, foni ili kutali. Ulendo wachiwiri ndi wa cholembera mmanja, kuimitsa, kubwezera mmbuyo, kudzifunsa kuti pomwe ndinagwetsa misozi paja anandichita chani kwenikweni anthuwa? Paja amati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo zambiri zomwe ndilembe apa ulendo woyamba zinandidutsa.

Chomwe chinandigwedeza koyamba ndi nkhani ya Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, zaka pafupifupi 100 zapitazo. Mkuluyu anatenga nkhope ya ekitala wotchuka Ivan Mosjoukine, nkhope yongoti duu, yosaseka yosalira, nkuilumikiza ndi zinthu zosiyanasiyana. Pena ikutsatana ndi mbale ya supu, pena ndi mwana ali mu bokosi la maliro, pena ndi mayi atatsamira pa mpando. Oonera ankaona njala pa nkhopeyo, kenako chisoni, kenako chilakolako, nkumamutama ekitalayo kuti ndi katswiri, chonsecho nkhope inali imodzi yomweyo osasintha olo pang'ono. Nditawerenga zimenezi ndinakhala kaye phee. Ndiye kuti gawo lalikulu la filimu limaphikidwira mmutu mwa ine woonerane, iwo amangondipatsa zidutswa, wolumikiza ndine. Ngakhale kuyenda kwa anthu pa sikirini, ndi zithunzi zoima 24 pa sekondi iliyonse, ubongo wanga ndi umene umati akuyenda.

Kuchokera pamenepo ndinapeza muyeso wanga womwe ndikuugwiritsabe ntchito mpaka pano. Filimu yomwe imandigwira mtima ndi yomwe imandikhulupirira kuti ndili ndi nzeru, imandisiyira mpata woti ndimalize ndekha. Yomwe imandibowa ndi yomwe imandiona ngati khanda lofunika kulitafunira chilichonse.

Kutafunirako kumaoneka kwambiri mu zolankhula. Mu kope langa ndili ndi tsamba lathunthu la mizere ya mtundu uwu, abale awiri akucheza, mmodzi nkuti monga ukudziwa m'bale wanga, bambo athu anamwalira zaka khumi zapitazo nkutisiyira kampani imeneyi ndipo chiyambire pamenepo ine ndi iwe sitigwirizana. Koma zoona, alipo munthu amalankhula chonchi kwa m'bale wake? Onse awiri nkhaniyo akuidziwa, amene akuuzidwa ndi ine, ndipo ndimadziwa kuti akuuza ine, basi pomwepo ndatuluka mu filimu ndabwerera pa mpando wanga. Pomwe ina ndinaona mnyamata akutsegula kabati nkupeza jekete lakale, analigwira, analinunkhiza, nkulibwezera pamalo pake mosamala, kenako mng'ono wake atalowa anatseka kabatiyo mwachangu ngati wagwidwa akuba. Palibe ananena mawu akuti bambo, palibe ananena za imfa, koma ndinadziwa zonse, ndinadziwanso kuti anyamata awiriwa sakambirana za chisoni chawo. Sikuti zolankhula ndi zoipa ayi, pali mafilimu ena mphamvu yawo yonse ili pa kucheza kwa anthu awiri, koma mukamvetsera bwino mupeza kuti anthuwo sanena zomwe zili pansi pa mtima, amazungulira, amabisa, amanama, ngati mmene timachitira tonsefe.

Ndiye ndinayamba kachizolowezi kena, kutseka saundi kwa mphindi zisanu. Chisanafike chaka cha 1927 mafilimu ambiri analibe mawu olankhula, opanga ankadalira chithunzi, nkhope, manja ndi timawu tochepa tolembedwa pa sikirini, ndipo anthu ankadzaza maholo kukaonera. Ndikatseka saundi nkumathabe kudziwa kuti apa wamphamvu ndi uyu, uyu akunama, uyu akuopa, ndimadziwa kuti dayirekitala anagwira ntchito yake. Ndikatseka nkungoona mitu iwiri ikusinthana kuyasamula, kamera uku kamera uko, ndiye kuti ndi sewero la pa wailesi lomwe angoliveka zithunzi.

Kenako ndinatembenuza, kutsinzina nkumangomvetsera. Apa mpomwe ndinadziwa kuti phokoso lambiri lomwe timamva, mapazi, chitseko, kukhudzana kwa zovala, silijambulidwa pamalo pomwe akusewerapo, amachita kulipanga pambuyo mu situdiyo anthu akuyang'ana chithunzi. Ntchitoyi amaitchula kuti foley, kutengera dzina la Jack Foley yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya mafilimu ya Universal, ndipo mapazi a hatchi nthawi zambiri ndi zigoba za kokonati akuzigogoda. Ikachitidwa bwino suizindikira nkomwe. Koma pa nkhani ya nyimbo ndiye ndili ndi dandaulo lalikulu abale. Mafilimu ambiri saleza mtima, munthu asanayambe nkomwe kulira vayolini wayamba kale kundikoka khutu kuti lira apa, lira apa. Zimandikwiyitsa chifukwa ndi kutafunira komwe kuja, kungoti ulendo uno akutafunira mtima. Chimodzimodzi kuseka kojambuliratu kwa mu ma komedi a pa TV, komwe Charley Douglass anatchuka nako ku America mma 1950 ndi kamakina kake koseketsa. Tayesani kuganiza nthabwala zina popanda kuseka kumeneko muone zingati zingaime pazokha. Malo omwe andiliza kwambiri chaka chino anali opanda nyimbo, kunkangomveka kupuma kwa munthu ndi wotchi ya pakhoma.

Phunziro lomwe ndimalikonda kuposa onse ndi la dayirekitala wotchuka Alfred Hitchcock, lomwe anafotokozera dayirekitala mnzake François Truffaut pa kucheza kwawo kwa mu 1962. Mwachidule nkuti, anthu awiri akucheza pa tebulo za zii, mwadzidzidzi bomba laphulika, woonera wadzidzimuka kwa masekondi 15 basi zatha. Koma muonetseni woonerayo bombalo lili pansi pa tebulo, adziwe nthawi yomwe liphulike, wotchi ikuoneka, ndiye kucheza kwa zii komwe kuja kumasanduka mphindi 15 za mtima uli mmwamba, ukufuna kuwakuwira kuti thawani. Izi zinandithandiza kumvetsa chifukwa chomwe mafilimu ena obisa chinsinsi mpaka kumapeto ndimawaiwala mawa lake. Amandidabwitsa kamodzi, koma maola awiri onse ndinali kunja ngati mlendo. Amene amandiuza zoona msanga nkundisiya ndizivutika nazo limodzi ndi atengambali, amenewo ndimabwererako kachiwiri ndi kachitatu.

Mathero ndiye pamene ambiri amagwera. Anton Chekhov, wolemba masewero wa ku Russia, ankalangiza kuti ukapachika mfuti pakhoma koyambirira kwa sewero, iyenera kudzalira patsogolo, apo ayi usaipachike. Ine ndinaona kuti nkumbuyo komwe ndi chimodzimodzi, mfuti ikalira kumapeto ndiyenera kukumbukira kuti ndinaiona penapake. Koma mupeza mtengambali wamkulu wapanikizika kolowera kulibe, mwadzidzidzi kwatulukira malume olemera omwe sitinawamvepo, kapena kalata yomwe inabisika, kapena woipa uja wangogundidwa ndi galimoto. Vutoli ndi lakalekale, mu zisudzo za Agiriki ankatsitsa mulungu ndi makina kuchokera mmwamba kuti adzathetse nkhani ikavuta, nchifukwa chake amati deus ex machina, kutanthauza mulungu wochokera mu makina, ndipo Aristotle, katswiri woganiza mozama wa Chigiriki, anadandaula nazo kuti mathero azichokera mu nkhani momwemo. Zaka zoposa 2000 zadutsa koma olemba ena akutsitsabe mulungu uja, ndipo ine zimandiwawa chifukwa ndimakhala ndapereka maola anga ndi mtima wanga wonse kwa munthu ameneyu, ndimafuna adzipulumutse yekha kapena agwe chifukwa cha zosankha zake.

Ma series ali ndi mphatso yomwe filimu ilibe, nthawi. Filimu ili ndi maola awiri, pafupifupi masamba 120 a sikiriputi poti tsamba limodzi limakhala ngati mphindi imodzi, pomwe series imakupatsa zaka, munthu umamuona akusintha pang'onopang'ono mpaka kufika podabwa kuti kodi ndi yemwe uja ndinkamukonda mu sizoni yoyamba? Zikayenda bwino palibe chofanana nazo. Koma mphatso yomweyo ndi imene imawapha. Nkhani yoti ikanatha mu ma episodi 6 amaikoka mpaka 20, anthu awiri akudana sizoni yonse chifukwa cha kusamvana koti chiganizo chimodzi chokha chikanathetsa, wina akuti dikira ndikufotokozere, winayo wamenyetsa chitseko wapita, mawa chimodzimodzi. Munthu yemwe anali wanzeru masizoni atatu wangopusa lero chifukwa olemba akufuna mkangano watsopano. Ndinaphunzira kuti zina mwa izi zimachokera ku mmene TV imapezera ndalama, episodi ya ola limodzi ku America imakhala ndi nkhani ya mphindi 42 kapena kuposerapo pang'ono, zotsalazo ndi zotsatsa malonda, ndiye nkhani inkalembedwa moti pasanabwere otsatsa pakhale kenakake kokugwira kuti usasinthe tchanelo. Mu 2013 Netflix inatulutsa ma episodi 13 a sewero limodzi tsiku limodzi, kaonedwe kathu kanasintha, koma kachinyengo kaja sikanathe, kanangosamukira kumapeto kwa episodi. Kukusiya mmalere sindikudana nako pakokha, chomwe ndimakana ndi pomwe episodi yotsatira ikuthetsa vuto lija mu mphindi imodzi ngati palibe chinachitika. Pamenepo ndimamva kuti andinamiza.

Za mafilimu a ndalama zambiri sinditaya nthawi, ena ndi chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere, mizinda ikugumuka, kompyuta yagwira ntchito yoopsa, koma palibe munthu mmodzi yemwe ndikumudera nkhawa.

Pomwe ndinatsala pang'ono kusochera ndi apa. Nditangodziwa tinthu tiwiri titatu ndinayamba kusaka zolakwika zokhazokha, tambula inali yodzaza pano ili theka, chipewa chasuntha, mthunzi wa maikolofoni waoneka, mpaka kuonera kunasiya kukoma. Amene anandibweza ndi Walter Murch, edita (wodula ndi kulumikiza zithunzi za filimu) wodziwika wa ku America. Iye anaika pa mndandanda zinthu zisanu ndi chimodzi zomwe amaganizira asanadule chithunzi, ndipo pamwamba penipeni anaika mmene woonera akumvera mumtima, anapatsa 51 peresenti, pomwe kulondola kwa malo omwe anthu aima mu chipinda anakupatsa 4 peresenti yokha. Ndiye kuti edita amatha kuiona tambula ija bwinobwino nkuisiya dala chifukwa mu kujambula kumeneko ndi momwe maso a ekitala ananena zoona. Chiyambire pamenepo mafilimu opangidwa ndi ndalama zochepa ndimawaonera ndi ulemu wina. Kuwala kutha kukhala kofooka, kamera kugwedera, koma ngati anthuwo ali amoyo ndimakhululuka zambiri. Chokhacho chomwe chimandivuta kukhululuka ndi mawu osamveka, chifukwa ukamavutika kumva zomwe akunena mtima sungalowemo.

Ndasiyanso kuthamangira kunyoza ekitala. Mutu umodzi susenza denga, filimu ndi ya wolemba, dayirekitala, wojambula, wa magetsi, wa saundi, edita, ndipo nthawi zambiri ekitala yemwe timati satha anangopatsidwa mizere yoti palibe angainene bwino. Komanso ndikuphunzira kusiyanitsa ziganizo ziwiri, sinandikomere ndi sinapangidwe bwino. Mafilimu oopsa aja ine sandikomera, sindigona nawo, koma ndinaonera imodzi ndi kope langa ndipo ndinavomera kuti amene anaipanga amadziwa ntchito, mmene ankagwiritsira ntchito mdima ndi chete ndinalemba masamba awiri.

Sabata yatha ndinamuitana mnzanga uja tinaoneranso filimu yomwe ija. Itafika pakati ndinaimitsa, ndinati funso lako lija yankho lake ndi apa. Mayi akulongedza chikwama cha mwana wake yemwe akuchoka, akukangana za zinthu zopanda pake, masokosi, tchaja, nthawi ya basi, palibe akunena kuti ndidzakusowa, kenako mwana watuluka ndipo kamera siimutsatira, imatsala ndi mayiyo ataima pakhomo dzanja lili pa chitseko, nthawi yaitali kuposa mmene umayembekezera, opanda nyimbo. Mnzangayo anavomera za pamenepo koma anati mathero ake anafulumira, nkhani ya bambo wina wa mufilimumo anangoitaya panjira. Tinabwezera mmbuyo kukafufuza, ndipo ankanena zoona, bamboyo anamupachika pakhoma ngati mfuti ija koma sanalire. Ndinalemba mu kope pansi pa zomwe ndinaitama, ndipo Loweruka likubwerali tagwirizana kuti tionere ina, iye aziyang'ana kuwala ndi mitundu, ine ndizimvetsera saundi.