Chithunzi chakale pa nsanja ya wotchi ku Mangochi

Minibasi yochokera ku Liwonde idanditsitsa ku Mangochi Boma Lachisanu, dzuwa lili paliwombo. Ndidakwera kabaza mpaka pa nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, yomwe Angerezi adamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pompo pali mfuti ya sitima ya Guendolen, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa Nyanja ya Malawi mu 1946.

M'foni mwanga ndinali ndi chithunzi cha m'zaka za m'ma 1890, nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Asilikali achi Sikh ochokera ku India aima ndi nduwira zawo, pambali pawo asilikali akuda, mzungu wakhala pampando pakati. Ukachiyang'ana mothamanga umati: taonani, zipembedzo zosiyana koma anthu ali pamodzi mwamtendere. Koma adawaimika ndani? Makamera a nthawiyo ankafuna munthu aime njoo, osagwedezeka, ndipo wolamula anali mwini kamera. Asilikali omwewa ndi amene Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi kuno nthawiyo, adamenya nawo nkhondo mafumu achiyao, Mponda mu 1891, kenako Makanjira ndi Jalasi, ati pothetsa malonda a akapolo. Malondawo analikodi, sindikukana. Chomwe chimandiwawa n'chakuti dzina lolembedwa pansi ndi la mzungu yekha.

Ndili chiyang'anire, azana idamveka kuchokera ku mzikiti. Wakabaza uja adapukuta thukuta ndi chipewa nati, "Bambo, mundipeza pompano ikatha swala." Njinga yake adasiyira mayi wina wogulitsa usipa wouma, amene adavala chitenje cha Mayi Maria, kolona ili m'khosi. Sadapemphe n'komwe. Mayiwo adangoikokera pamthunzi, n'kupitiriza kuunjika timilu ta usipa.

Ndidawafunsa ngati ndi mbale wawo. "Ayi achimwene, timangodziwana pano." Adandiuza kuti kwawo kukagwa maliro kapena ukwati, mbuzi amaitanira Msilamu kuti azinge, kuti aliyense adye osakayika. Mlongo wawo ndi Msilamu, ndipo pa Idi mpunga wa nyama umafika pakhomo pawo usanazizire. Mikangano siisowa, adatero, makamaka nkhani ya nkhumba ndi ya hijabu kusukulu za mishoni, koma pamaliro onse amakhala pa mphasa imodzi.

Ansembe achikatolika a White Fathers adafika kwa Mponda, kufupi ndi pano, mu 1889 n'kuchoka mu 1891 osapindula kanthu. Lero tchalitchi cha Katolika cha St Augustine chili m'tauni momwemu, osati patali ndi mzikiti.

Ndidafuna kuwajambula mayiwo ndi njinga ija. Adakana, ati sadasambe bwino. Ndidabweza foni m'thumba, n'kugula milu iwiri ya usipa.